Kodi mumadziwa kuti changu chimapha chifundo?

Munthu akakhala pa changu, kawirikawiri amamudutsa wovutika osamuthandiza, ngakhale atakhala wophunzira za ubusa amene akupita kukakamba za Msamariya wachifundo.

Zimenezi zinaoneka pa kafukufuku amene John Darley ndi Daniel Batson anafalitsa mu 1973. Iwo ankatuma ophunzira a pasukulu ya za ubusa ya Princeton, ku America, mmodzimmodzi kuti akalankhule m'nyumba ina yapafupi, ena za fanizo la Msamariya wachifundo, ena za nkhani ina. Ena ankauzidwa kuti achedwa kale ndipo akudikiridwa, pomwe ena ankauzidwa kuti nthawi ilipo yambiri.

Panjirayo anaikapo dala munthu wodzionetsa ngati wadwala. Anakhala chozyolika pakhomo lina, maso ali otseka, akutsokomola ndi kubuula.

Mwa ophunzira amene anali ndi nthawi, 63 pa 100 alionse anamuthandiza. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa, anathandiza ndi 10 okha pa 100. Mutu wa nkhani yokakambayo sunasinthe zambiri, moti ena opita kukafotokoza fanizo la Msamariya lomwelo anachita kumudumpha munthuyo!

Tisafulumire kuwatcha ouma mtima. Wothamanga maganizo ake amakhala kumene akupita, choncho ena anamuona wodwalayo koma osazindikira kuti akufunika thandizo. Ena anazindikira, koma anakakamira lonjezo lawo kwa munthu amene ankawadikira kutsogoloko, ndipo anafika ali osokonezeka maganizo.