Phunziro la operating system: zimene akuyembekezera ana athu ofuna kuphunzira za kompyuta



Ophunzira a Fomu 4 akafunsidwa zimene akufuna kukaphunzira ku yunivesite, ambiri amatchula za kompyuta. Ena amaganiza kuti kumeneko n'kukaphunzira kutayipa makalata kapena kukonza foni yowonongeka. Makolo enanso amaganiza chimodzimodzi, ndiye amadabwa mwana akamadandaula kuti maphunziro amukulira. Kuti mwana asankhe akudziwa chimene akusankha, tione limodzi phunziro limene pafupifupi aliyense wochita sayansi ya kompyuta amakumana nalo, kawirikawiri m'chaka chachiwiri kapena chachitatu. Dzina lake ndi operating system.

Operating system ndi pulogalamu yaikulu imene imadzuka mukangoyatsa kompyuta kapena foni, ndipo mapulogalamu ena onse amadalira iyo. Windows, Linux ndi Android ndi zitsanzo zake. Ntchito yake yeniyeni ndi kugawa. Makina ali ndi purosesa yowerengera, memory yosungira zimene zikugwiritsidwa ntchito panthawiyo, ndi malo osungira mafayilo. Zonsezi zili ndi malire, pamene mapulogalamu ozifuna ndi ambirimbiri.

Funso loyamba limene wophunzira amalimbana nalo ndi lakuti: ayambe ndani? Taganizirani mipopi itatu ya wudhu tsiku la Jumu'ah, anthu ali pamzere wautali. Mmodzi akachedwa pampopi, onse akumbuyo achedwa swala. Purosesa nayo imakhala ndi mzere wotere. Njira ina yodziwika, yotchedwa round robin, imapatsa pulogalamu iliyonse kanthawi kochepetsetsa, kagawo kakang'ono ka sekondi, kenaka n'kuibweza kumapeto kwa mzere. Kusinthanaku kumathamanga kwambiri moti ife timaona ngati zonse zikuyenda pamodzi. Njira zina zimaika patsogolo ntchito zofunika kwambiri, koma zikapanda kusamalidwa, ntchito yaing'ono ikhoza kudikira mpaka kalekale. Wophunzira amawerengera ndi masamu kuti njira iliyonse ikudikiritsa ndani, kwa nthawi yaitali bwanji.

Funso lachiwiri ndi la zinthu zogwiritsa ntchito anthu angapo. Tiyerekeze kuti m'buku la chuma cha mzikiti muli K50,000. Msungichuma wawerenga nambalayo kuti awonjezere K10,000 ya zopereka. Nthawi yomweyo mlembi wawerenganso K50,000 kuti achotse K5,000 ya magetsi. Woyamba alemba K60,000, wachiwiri afufuta n'kulemba K45,000. Palibe waba, koma buku lanama, poti zoona zake ndi K55,000. Mapulogalamu awiri akamalemba malo amodzi a memory, zomwezi zimachitika. Mankhwala ake ndi loko: amene wagwira buku amalize kaye, wina adikire.

Koma loko naye amabala vuto lake. Pachitsime, wina wagwira ndowa akudikira chingwe, mnzake wagwira chingwe akudikira ndowa, ndipo palibe akufuna kusiya chake. Madzi satungika. Vutoli amalitcha deadlock, ndipo katswiri wa ku Netherlands, Edsger Dijkstra, anali kale kuphunzitsa ophunzira ake za ilo mu 1965.

Izi si nthano za m'kalasi chabe. Mu July 1997, chombo cha bungwe la NASA chotchedwa Mars Pathfinder chinatera pa pulaneti ya Mars, ndipo patangopita masiku ochepa kompyuta yake inayamba kudzizimitsa n'kudziyatsanso mobwerezabwereza. Ntchito yaing'ono yoyeza nyengo inkagwira loko amene ntchito yofunika kwambiri inkamudikira, pamene ntchito zapakatikati zinkalanda purosesa, yaing'ono ija osapeza mpata womaliza. Akatswiri anapeza vutolo poyesa makina ofanana nawo pansi pano, ndipo anatumiza chikonzero kudzera pa wailesi. Ntchito yaing'ono ikagwira loko wofunidwa ndi yaikulu, inayamba kubwerekedwa udindo wa yaikuluyo mpaka itamaliza.

Funso lachitatu ndi la chitetezo. Operating system imapatsa pulogalamu iliyonse chigawo chakechake cha memory n'kuiletsa kusuzumira mwa inzake. N'chifukwa chake gemu ya pafoni siyenera kuona nambala yachinsinsi imene mukulemba potumiza ndalama. Apa mpamene phunziroli likukumana ndi zimene timaphunzitsa kumadrasa. Munthu wodziwa zimenezi akalembedwa ntchito ku banki kapena kuchipatala, amapatsidwa makiyi otsegulira mafayilo a anthu ena. Imeneyo ndi amanah. Luso angalipeze ku yunivesite, koma mtima wosatsegula chimene sichikumukhudza umaumbidwa kunyumba ndi kumzikiti.

Nanga amaphunzira bwanji? Kuloweza sikukwanira. Ophunzira ambiri amalemba mapulogalamu m'chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kumeneko n'kumenenso iye ndi Ken Thompson anayambitsa Unix mu 1969. Mayunivesite ena amapatsa ophunzira operating system yaing'ono kuti aiwerenge ndi kuisintha, monga xv6 ya ku MIT, kapena MINIX imene Andrew Tanenbaum anatulutsa mu 1987. Mu 1991, Linus Torvalds, wophunzira wa zaka 21 pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ankagwiritsa ntchito MINIX pamene anayamba kulemba Linux. Lero foni iliyonse ya Android imayendera pa mtima wa Linux. Ntchitoyi imafuna sabr, chifukwa kachilembo kamodzi kolakwika kangathe kuimitsa makina onse, ndipo kukasaka kungatenge masiku.

Ophunzira, kukonzekera kumayambira pano. Limbikirani masamu, chifukwa ndiwo amaphunzitsa kulondoloza ganizo sitepe ndi sitepe. Mawu akuti algorithm anachokera ku dzina la Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Limbikiraninso Chingerezi, poti mabuku ambiri a phunziroli ali m'chiyankhulo chimenecho.

Makolo, musavutike mtima kuti mulibe ndalama ya laputopu yatsopano. Linux ndi yaulere ndipo imayenda bwino ngakhale pa kompyuta yakale. Akuluakulu a komiti, ngati pali ofesi kapena m'bale amene akusintha makompyuta, tiyeni tipemphe akalewo abwere kusukulu kuno. Ngakhale awiri okha ndi okwanira kuti ana ayambe kuyeserera asanalembe mayeso a MSCE.

Allah awonjezere ana athu maphunziro opindulitsa, ndipo awapange kukhala anthu okhulupirika pa zimene adzasungitsidwe. Ameen.