Chingerezi cha zamumtima

Mwana amene wakhoza mayeso a MSCE amakhala ataphunzira Chingerezi zaka 12, ndipo amene walephera phunziro limeneli satifiketi saiona. Kalata yofunsira ntchito amaidziwa, galamala amaidziwa. Koma mukamupempha kuti anene m'Chingerezi zimene zili mumtima mwake, mawu amamuthera msanga: happy, sad, angry, afraid, basi. Pamayeso mawu amenewa amapatsa malikisi. Mavuto amayamba munthu akatsika ndege ku Manchester kapena basi pa Park Station ku Johannesburg, n'kupeza kuti eni chiyankhulo amawayeza ndi muyeso wina.

Angerezi amachepetsa zinthu poyankhula. Bwana wa panyumba yosamalira okalamba akauza wantchito kuti "I'm a bit disappointed", khutu la Mmalawi limamva kuti bwana wakhumudwa pang'ono chabe, pamene nkhani yafika poipa ndipo kalata yochenjeza ili m'njira. Gogo amene sanaone tulo ndi ululu, akafunsidwa m'mawa kuti wadzuka bwanji, amayankha kuti "not too bad". Namwino wathu angathe kukhoza IELTS kapena OET, mayeso amene bungwe la Nursing and Midwifery Council limafuna asanamulole kugwira ntchito, n'kumva liwu lililonse la gogoyo, koma n'kudutsa osadziwa kuti munthuyo akusowa mankhwala. Anthu a ku America amalowera kwina: kwa iwo kanthu kakang'ono kamakhala "awesome", ndipo aliyense ali "excited". Amene watenga mawu otere ngati lonjezo amabwerera kuchokera ku intavyu mtima uli dyokodyoko, n'kudikira foni imene siidzalira.

Kuno kwathu mawu a zamumtima ndi osawerengeka. Timapsa mtima, timataya mtima, timaugwira mtima; wina ali ndi mtima wapachala, wina mtima wake uli m'mwamba mpaka mwana wake atafika, ndipo akafika mtima umakhala pansi. Komabe zikafika pa zowawa zenizeni, Mmalawi sachulukitsa zonena. Onani pasiwa. Mayi wafika, wasiya nsapato pakhomo, wakhala pamphasa moyandikana ndi namfedwa, walira naye, ndipo mwina tsiku lonse sanena mawu oposa "pepani". Panja abambo achezera pamoto usiku wonse, adzukulu alawirira kumanda ndi makasu, amayi ena ali pamafuwa kupakula nsima. Palibe amene wafunsa namfedwa kuti akumva bwanji mumtima. Funso lotero lingamveke lachibwana, chifukwa yankho lake aliyense akuliona.

Ku Britain maliro amatha kudikira sabata ziwiri kapena zitatu, mwambo wake sutalika, ndipo anthu ambiri amapepesa potumiza khadi. Pambuyo pake wofedwayo amatha kupita kwa mlangizi amene ntchito yake ndi kumuthandiza kutchula chimene chikumudya, liwu ndi liwu. Nawonso chisoni amachimva ndithu, kungoti anazolowera kuti chimene sichinanenedwe sichidziwika. Dokotala wawo amafunsa kuti ululu uli pa nambala yanji pakati pa 1 ndi 10. Mmalawi amene analeredwa kuti poyankha moni umati "ndili bwino, kaya inu" ngakhale ukudwala, amayankha "fine", ndipo dokotala amalemba zomwezo m'buku.

Ulemu wathu nawo umamveka molakwika kumeneko. Mwana wamakhalidwe sayang'anitsitsa wamkulu m'maso, koma kwa Mngerezi munthu wozolikayo akubisa kanthu kapena alibe chidwi. Munthu akapunthwa timati "pepani" ngakhale mwala sitinaike ndife. Ukanena "sorry" pamenepo ku London, amakutembenukira n'kukutsimikizira kuti sunalakwe. Ku South Africa nako kuli zake. Mayi wa kumeneko akaona khanda lokongola kapena akamva kuti wadwala amati "shame", ndipo mlendo amene kusukulu anaphunzira kuti liwuli ndi la manyazi amadabwa kuti wachititsa manyazi otani.

Ine kachitidwe kathu ndimakakonda, ndipo sindingasinthanitse usiku wa pasiwa ndi khadi. Koma kali ndi mtengo wake. Maliro amaoneka, ndiye mudzi umathamangira. Ngongole, kutha kwa banja, kusowa ntchito, izi munthu amazisenza yekha, makamaka mwamuna amene kuyambira ali wamng'ono amauzidwa kuti mwamuna salira. Malipoti a apolisi m'dziko muno akhala akusonyeza chaka ndi chaka kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna. Pamenepa chizolowezi cha Angerezi chotchula chimene chikukuvuta ndi chofunika kuchitengera.

Anzathu a ku Zimbabwe anasonyeza kuti kutero sikufuna Chingerezi. Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika, pogwiritsa ntchito mawu a Chishona amene anthuwo ankanena kale, monga kufungisisa, komwe ife timati kuganiza kwambiri. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anapeza kuti anthu amene anakhala pabenchipo anapeza bwino kuposa amene anangolandira chithandizo cha masiku onse.

N'chifukwa chake ndimalakalaka mphunzitsi wa Fomu 3 atayambira pa zimene ana akudziwa kale. Awafunse kusiyana kwa kukwiya, kunyansidwa ndi kusungira munthu chakukhosi, pakuti m'Chichewa amakudziwa bwino, kenaka awasonyeze pamene annoyed, upset ndi furious zimagwera, ndiponso kuti Mngerezi amasankha liwu lofatsa pamene mkwiyo wakula. Awaphunzitsenso ziganizo zitatu zimene m'mabuku athu sizipezeka kawirikawiri: "I'm struggling", "I'm not comfortable with this", "I felt disrespected". Mtsikana amene akugwira mashifiti a maola 12 m'nyumba ya okalamba, bwana akumudula malipiro, adzazifuna ziganizo zimenezi kuposa mawu aatali a pamayeso. Kuno akanangokhala chete nkhope itagwa, azakhali ake akanadziwa tsiku lomwelo kuti pali chimene chalakwika. Kumeneko akakhala chete, bwana amalemba kuti wavomera, n'kumuwonjezera shifiti ina Lamlungu.