Asilikali a M'magazi Akachepa

M'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, mawu akuti "asilikali a m'thupi" ngodziŵika ngakhale kwa msodzi amene sanapondeko m'kalasi. Kaamba ka mliri wa Edzi, ambiri akamva kuti asilikaliwo achepa amayesa imfa yafika pakhomo. Komatu pepala la zotsatira za magazi, kaya lachokera ku chipatala cha boma kaya cha St Anne's, liyenera kuŵerengedwa mofatsa.

Asilikali ameneŵa ndiwo maselo oyera, opangidwa m'mafuta a m'mafupa. Alipo a mitundumitundu, ndipo chiŵerengero cha onse pamodzi n'chosiyana ndi cha CD4 chimene amayeza kwa odwala HIV. Mabuku a zachipatala amati munthu wamkulu akhale nawo 4,000 mpaka 11,000 m'kadontho kotchedwa maikulolita.

Tsono muyeso umenewu unapezeka makamaka poyeza Azungu. Anthu ochuluka a mu Afirika amabadwa opanda chizindikiro chotchedwa Duffy pa maselo awo ofiira. M'chaka cha 1976 Louis Miller ndi anzake anaonetsa kuti kusoŵa kwa chizindikirochi kumatchinjiriza munthu ku malungo a mtundu wa vivax. Pofika 2009 kunadziŵikanso kuti anthu omwewo amakhala ndi maselo oyera a mtundu wa neutrophil ocheperako m'magazi, chonsecho matupi awo amagonjetsa matenda bwino lomwe. Motero mnyamata wathanzi angapezeke ndi chiŵerengero chotsika popanda chovuta chilichonse.

Koma nthaŵi zina kuchepaku kumakhala chenjezo. Malungo, amene ngofala kwambiri kunyanja, amatha kutsitsa maselo oyera kwa kanthaŵi. Chimodzimodzinso chimfine ndi taifodi. HIV nayo imaŵatsitsa, monganso mankhwala ena: zidovudine, Bactrim ndi mankhwala a khansa. Wodwala asasiye yekha mankhwala otere. Akambirane ndi dokotala.

N'chifukwa chake dokotala saweruza ndi nambala imodzi. Amafunsa za kutentha thupi, zilonda za m'kamwa, kuwonda ndi mankhwala amene munthu akumwa, ndipo kaŵirikaŵiri amabwereza kuyeza pakapita masabata angapo. Ma neutrophil akatsika kusafika 500, thupi n'kutentha, wodwala athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa ena onse, akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: abwerere kukayezetsa pa tsiku limene anauzidwa.