Chekeni Si cha Ana Okha

Amayi anzanga, inu amene mulawirira m'bandakucha ndi dengu kumsana kukathyola tiyi ku Satemwa, ku Conforzi kapena ku Naming'omba, ndi inunso a pa Boma ndi pa Bvumbwe, mudziwa nokha kuti kuyambira Disembala kufikira Epulo mayi wa kuno ku Thyolo alibe mpata. Tsiku lonse zala zili pa masamba awiri ndi kansonga kake, ndipo dengu likachoka pasikelo ntchito ina ikudikira kunyumba: madzi, nkhuni, nsima, ana. Usiku thupi ligona, koma mutu sugona ayi. Ukhala ukuwerengera fizi, feteleza ndi ngongole ya ku banki m'khonde.

Kumayiko akutali anthu akuluakulu anapezako kanjira kopumitsa mutu, ndipo mukakamva museka. Amagula mabuku okhala ndi zithunzi za mizere yokhayokha, iwo n'kumapakamo chekeni monga mwana wa Sitandade 1. Mu 2013 mayi wina wa ku Scotland, Johanna Basford, anatulutsa buku lotere lotchedwa Secret Garden, lodzala ndi maluwa, masamba ndi tizilombo ta m'munda. Pofika 2015 linali litagulidwa koposa miliyoni imodzi, ndipo ogula ambiri anali anthu a misinkhu yathu ino.

Kodi n'chibwana? Mu 2005 ku America anayesa ophunzira 84 a pakoleji. Atawadzetsa nkhawa mwadala, anawapatsa mphindi 20 zopaka mitundu. Amene anapatsidwa pepala lokhala kale ndi mizere yobwerezabwereza, nkhawa yawo inatsika koposa ya anzawo amene anangopatsidwa pepala loyera. Ine izi sizindidabwitsa. Pepala loyera likufunsa kuti ujambulenji, ndiye wayambanso kuganiza. Koma mzere ukakhalapo kale, chako n'kusankha chofiira kapena chobiriwira ndi kusamala kuti dzanja lisatuluke kunja. Diso ndi dzanja zikatanganidwa chotero, maganizo a ngongole asowa pokhala kwa kanthawi.

Kunena zoona, azungu sanatiyambire ife zimenezi. Amayi athu ankati akazira nyumba, ankatenga dothi lofiira, phulusa ndi makala n'kulemba maluwa pakhoma. Ena a inu munaphunzira kupeta nsalu za patebulo ndi kuluka madoilo ku Mvano kapena ku Dorika, ndipo mudziwa mmene mtima umakhalira m'malo singano ikamayenda. Koma doilo lifuna ulusi, maso akuthwa ndi luso, ndiye anzako aliyang'anitsitsa kuti aone polakwika. Pepala lopaka chekeni lilibe woliweruza. Mukafuna tsamba la tiyi likhale lofiirira, ndani akuletseni?

Musavutike kufunafuna mabuku odula m'masitolo a ku Blantyre. Yalani chitenje chanu, musankhe duwa limodzi, ndipo mwana wodziwa kujambula alikopere ndi bolopeni papepala la kope lakale. Gulu likasonkherana, paketi imodzi ya chekeni ikwanira amayi asanu. Yesani masana a Loweruka kapena Lamulungu kukali kowala, pakuti kuwala kwa koloboyi kutopetsa maso. Bambo a kunyumba akaseka, auzeni mwaulemu kuti nawonso amakhala pa bawo mpaka dzuwa kulowa, ndipo palibe amene amati n'chibwana.

Chimodzi chokha ndikupempheni. Chekeni si mankhwala. Mayi amene watha masabata osagona, wosafuna chakudya, wongolira popanda chifukwa chooneka, kapena amene wayamba kunena zoti moyo wamukwana, musamupatse pepala n'kumusiya. Mmodzi wa inu asiye dengu tsiku limenelo, amuperekeze kuchipatala cha Boma ku Thyolo kapena ku Malamulo, akaonane ndi adokotala.