Musataye Malekodi a Ambuya: Nyimbo za Kale Zauka, Manje ni Chuma

Ngati muli ndi foni ya intaneti, mwina munaimva kale nyimbo ya Tyler, The Creator yotchedwa "Noid". Inatuluka mu Okutobala 2024, ndipo chimbale chake, Chromakopia, chinakwera mpaka pa nambala 1 ku America. Koma kodi munatchera khutu bwino pa kolasi paja? Chija si Chizungu, abale. Ni Chinyanja chathu chomwe chino cha mu komboni, ndipo mawu aja ni a malemu ba Paul Ngozi. Anachokera mu nyimbo yawo "Nizakupanga Ngozi", ya mu chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977.

Manje funso ni ili: mnyamata wa ku California anaipeza bwanji nyimbo imene inu, mwana wa pa Zambia, simunaimvepo? Nanga malekodi a nyimbo zotere anapita kuti? Ena a iwo sali patali. Ali kummawa, ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi, mu thiranki ya ambuya anu pansi pa bedi, pamodzi ndi khadi lakale la UNIP ndi zithunzi za ukwati. Chiswe ndi kutentha zikuwadya pang'onopang'ono.

MAGITALA ANAFIKA BWANJI KUMUDZI?

Achinyamata a lero mumaganiza kuti kumudzi kunali chabe chitelele ndi ng'oma za gule. Ayi ndithu. Kuyambira mu 1949, kawayilesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special kanayamba kulowa m'nyumba za anthu wamba. Pambuyo pake anyamata ambiri a kummawa anapita kukasewenza ku migodi ya Copperbelt, ku Lusaka ndi ku Salisbury, kumene lero ni Harare. Pobwera pa tchuthi ndi basi ya mu Great East Road sanali kunyamula shuga ndi zitenje chabe. Mnyamata wodziwa umoyo anali kufika ndi thalauzi lotambalala kumapazi, nsapato zazitali, wayilesi ndi malekodi m'khwapa.

Motero nyimbo za The Beatles, The Rolling Stones, Jimi Hendrix ndi Jim Reeves zinamveka pa magolosale ndi pa madansi a kumudzi. Batire ikafooka, anali kuiyanika pa dzuwa kuti ikankheko usiku wina. A ku Vubwi, pokhala pa malire, anali kudya uku ndi uku: wayilesi ya Zambia ikayamba kusokosera, anali kupotoza kuti agwire MBC ya ku Malawi. Funsani amalume anu amene manje ni mkulu wa mpingo. Mudzadabwa kumva kuti mudala uja anali kuvina mpaka tambala woyamba.

ANYAMATA ATHU ANAYANKHA

Mu 1970 James Brown anabwera kudzaimba mu Zambia, ndipo achinyamata anapenga naye. Koma anyamata athu sanakhutire ndi kukopera chabe. Anatenga gitala yolira mwaukali ngati ya Hendrix, naisakaniza ndi kamvekedwe ka ng'oma zathu, naimba mu Chizungu, Chinyanja ndi Chibemba. Nyimbo zimenezo ndizo zimatchedwa Zamrock.

Ku Kitwe kunabadwa gulu la WITCH, lotsogoleredwa ndi ba Emmanuel Chanda. Anthu anawapatsa dzina la Jagari ndaba ya kudumpha kwawo pa siteji ngati Mick Jagger wa The Rolling Stones. Chimbale chawo Lazy Bones!! cha mu 1975 chikali kutamandidwa mpaka lero. Chaka chomwecho gulu la Amanaz linatulutsa chimbale cha Africa, momwe muli "Khala My Friend". Kunalinso ba Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, ba Keith Mlevhu amene anali kuliza okha zoimbira zonse pa malekodi awo, ndi ba Chrissy Zebby Tembo, katswiri wa ng'oma mu Ngozi Family.

Koma wa ife a mu komboni anali ba Paul Ngozi. Dzina lawo lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, ndipo anabadwa mu 1949. Gitala anali kuiliza ngakhale ndi mano. Chimene chinawakondetsa kwa anthu ni chakuti anali kuimba Chinyanja cha mu tauni, chokamba zinthu zimene aliyense anali kuziona: mijedo, njala, mowa, mabanja osokonekera. Chimbale chawo The Ghetto chonse chikamba za umoyo wa mu komboni. Mayi wa ku Sinda sanafunike womasulira kuti amve.

Boma nalonso linathandiza. Pakati pa zaka za m'ma 1970, ba Kenneth Kaunda analamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wayilesi zikhale za Zambia. Ku Ndola kampani ya Teal inali kudinda malekodi, ndipo ba Edward Khuzwayo a Zambia Music Parlour anali kutulutsa magulu atsopano motsatizana.

NANGA CHINAIPHA N'CHIYANI?

Zinthu zinagwa pamodzi ngati nyumba ya zidina m'dzinja. Mtengo wa kopa unatsika kuyambira mu 1975, ndipo munthu amene ali pa mzere wa unga sangagule lekodi. Mu 1978 asilikali a Rhodesia anaponya mabomba ku Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndipo malamulo oletsa kuyenda usiku anapha madansi amene oimba anali kudyerapo. Kenako disiko ndi kalindula zinalanda bwalo, makaseti okopera mwakuba nawo anadzaza m'misika.

Chomaliza chinali AIDS, imene inatenga oimba ambiri a mbadwo umenewo. Ba Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 chabe. Lero dzina lawo lili pa msewu wina ku Kabwata. Mwa oimba a WITCH a nthawi ya Zamrock, ba Jagari okha ndiwo anatsala. Munthu amene anali kudzaza maholo anakhala mphunzitsi, kenako anapita kutchire kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja.

AKUNJA ANATOLA ZIMENE TINATAYA

Pamene ife tinali kupanga malekodi kukhala zovundikirira ndowa, osonkhanitsa nyimbo a ku Ulaya ndi America anali kuwasakasaka. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso nyimbo zimenezi, ndipo mu 2017 inatulutsa zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock! Mu 2019 kunatuluka filimu ya WITCH, We Intend to Cause Havoc. Ba Jagari anabwerera pa siteji, nayamba kuzungulira maiko. Mu 2023 gulu lawo linatulutsa Zango, chimbale choyamba patapita zaka 39, ndipo mu 2025 linawonjezera Sogolo.

Sizinathere pamenepo. Travis Scott anatapa nyimbo ya Amanaz, "Nsunka Lwendo", mu nyimbo yake "Sirens" ya mu 2023. Mwana wathu Sampa the Great analemekeza Zamrock mu "Never Forget", imene inamveka pa kanema wotsatsa filimu ya Black Panther: Wakanda Forever mu 2022. Lero lekodi yoyambirira ya Zamrock yosungidwa bwino ingagulidwe madola mazana angapo. Inde, kambale kakuda kaja kamene ana akuponyerana pabwalo.

MUKAPITA KUMUDZI, CHITANI IZI

Ambiri a inu mudzakwera basi pa Intercity kupita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, kapena pa Khisimasi. Mukatha kupereka moni ndi nsomba za pa Luangwa, pemphani ambuya mwaulemu kuti akutsegulireni thiranki. Osathyola loko, ndipo osatenga kanthu mwakabisira. Katundu ni wawo.

Mukapeza malekodi, yang'anani kapepala ka pakati. Maina ngati Zambia Music Parlour kapena Chris Editions ni chizindikiro chakuti mwagwira za kwathu. Chikuto musataye ngakhale chitang'ambika, pakuti lekodi ya chikuto chake ndiyo ya mtengo. Pukutani ndi kansalu kofewa, motsatira mizere yake. Parafini, sipiriti ndi sopo wochapira zovala, kutali! Gwirani m'mbali chabe. Asungeni choimirira, osati mosanjikiza, pa malo ouma ndi ozizira, chifukwa dzuwa la Okutobala limapinda lekodi ngati chitumbuwa.

Wina akabwera ndi kandalama ka sopo kuti atenge mulu wonse, musathamange. Jambulani chikuto ndi foni, mufufuze mtengo wake pa Discogs, ndipo mukambirane monga banja. Fulumira anadya gaga.

Koma chuma chachikulu si lekodi yokha. Tsegulani chojambulira mawu pa foni yanu, muwafunse akuluakulu: anagula kuti, anavina ndi ndani, nyimbo iti inali kulira tsiku limene anakumana ndi ambuya aakazi? Lekodi mungaipezenso pa intaneti, koma nkhani imeneyo kulibe kwina kumene mudzaipeza.

NANU OIMBA A MANJE, MVERANI

Muli ndi kasitudiyo ku chipinda ku Kanyama, ku Mtendere kapena pa Katete Stores? Nkhani iyi ni yanu. Choyamba, onani kuti chimene chinakopa dziko si Chizungu cha ba Ngozi, koma Chinyanja chawo. Musachite nacho manyazi chilankhulo cha amai anu.

Chachiwiri ni mapepala. Lamulo la Zambia limateteza nyimbo imene mwapeka moyo wanu wonse ndi zaka 50 mutamwalira. Ndiye kuti nyimbo ya lero ingadzalipirire mdzukulu wanu sukulu, ngati zidziwika kuti ni yanu. Kalembetseni ku ZAMCOPS, bungwe loteteza eni nyimbo. Musasaine pepala limene simunawerenge, ngakhale wopanga nyimbo akhale mnzanu wa pa mtima. Sungani nyimbo zanu pa malo awiri kapena atatu, osati pa kamemori kamodzi kamene kangagwere mu ngalande.

"Nizakupanga Ngozi" inadikira zaka 47 kuti dziko lonse liimve, ndipo inafika chifukwa panali anthu amene sanataye. Ulendo uno mukatsika basi pa Sinda kapena pa Katete, kapena mukafika ku Vubwi fumbi lili m'mutu, musathamangire ku bawa. Yambani mwakhala pa mphasa ndi ambuya, muwalizire "Noid" pa foni, muone ngati sayamba kugwedeza mutu.