Ulendo wa M'chipululu cha Namib: Kukongola Kosachedwa Kuvulala

WALVIS BAY, Namibia — Munthu akanyamuka pa galimoto kuchoka pa doko la Walvis Bay n'kutsata msewu wa C14 kulowera kum'mwera chakum'mawa, amayenda makilomita oposa 200 asanafike pa Solitaire, kamudzi koyamba pamene angathire mafuta. M'njira monsemo mulibe tawuni, mulibe minda, mulibe mtsinje woyenda madzi chaka chonse. Chimene maso amaona ndi chigwa cha timiyala chimene chimakathera kumene thambo lagunda pansi, mapiri akuda ali patali, ndi fumbi la galimoto ina limene limayamba kuoneka galimotoyo ikadali kutali kwambiri.

Ichi ndi chipululu cha Namib, chimene chatambalala makilomita pafupifupi 2,000 m'mbali mwa nyanja yamchere ya Atlantic, kuyambira kum'mwera kwa Angola, kudutsa Namibia, mpaka kukalowa mu South Africa. Akatswiri a sayansi amati dera limeneli lakhala louma kwa zaka zosachepera 55 miliyoni, ndipo ambiri amalitenga ngati chipululu chakale kuposa zonse pa dziko lapansi.

Alendo amabwerera kwawo akusimba za kukula kwa malowa ndi bata lake. Komabe chozizwitsa chachikulu n'chakuti dziko looneka ngati lakufali lili ndi zamoyo zambiri, ndipo zamoyozo n'zosalimba moti galimoto imodzi yopatuka pa msewu ikhoza kusiya chipsera chimene chingaoneke kwa zaka makumimakumi.

Mchenga wochokera kutali

Malo amene amakoka anthu ambiri ndi Sossusvlei, mkati mwa nkhalango yotetezedwa ya Namib-Naukluft. Chipata chake chili pa Sesriem, makilomita pafupifupi 80 kuchokera pa Solitaire, ndipo chimatsegulidwa dzuwa likamatuluka. Kuchokera apo msewu wa phula umayenda makilomita pafupifupi 60 pakati pa mapiri a mchenga wofiira. Makilomita asanu otsiriza ndi mchenga wotitimira umene umafuna galimoto yokoka ndi matayala onse anayi.

Phiri la mchenga lotchedwa Dune 45 linapatsidwa dzinali chifukwa lili pa mtunda wa makilomita 45 kuchokera pa chipatacho. Lina lotchedwa Big Daddy n'lalitali mamita oposa 300. M'mamawa, mbali imodzi ya phiri lililonse imayaka ngati makala amoto pamene mbali inayo ikadali mu mthunzi wakuda bii, ndipo pakati pake pamadutsa mzere wakuthwa ngati mpeni.

Mchengawu si wa pamalopo. Wambiri umachokera mkati mwa dziko, ndipo umatengedwa ndi mtsinje wa Orange umene umayambira m'mapiri a ku Lesotho n'kukathira mu Atlantic pa malire a Namibia ndi South Africa. Mafunde amaukankhira kumpoto motsata gombe, kenako mphepo imaunyamula kupita nawo kumtunda. Kufiira kwake n'kwa dzimbiri la chitsulo limene limakuta kanjere kalikonse, n'chifukwa chake mapiri a kumtunda, amene mchenga wake ndi wakale, ndi ofiira kuposa a kugombe.

M'tsinde mwa Big Daddy muli Deadvlei, bwalo la dongo loyera mbee mmene mwaima mitengo yaminga youma. Mitengoyi inamera pamene madzi a mtsinje wa Tsauchab ankafikako. Mchenga utatseka njira ya madziwo, mitengoyo inafa zaka zoposa 600 zapitazo, koma sinawole chifukwa mulibe chinyezi choti n'kuiwoletsa. M'chaka cha 2013 bungwe la UNESCO linaika dera la mchengali, lalikulu mahekitala oposa 3 miliyoni, pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi.

Nkhungu m'malo mwa mvula

M'mbali mwa nyanja mvula ya chaka chathunthu kawirikawiri sikwana mamilimita 25. Chochititsa ndi madzi ozizira a Benguela amene amayenda m'nyanjamo kuchokera kum'mwera. Madziwa amaziziritsa mpweya wa pamwamba pake, ndipo mpweya wozizira sukwera kukapanga mitambo ya mvula. M'malo mwake umasanduka nkhungu imene imalowa kumtunda usiku ndi m'bandakucha, nthawi zina mpaka makilomita makumi angapo.

Nkhunguyi ndiyo chitsime cha chipululuchi. Pali kachikumbu kakuda kamene kamakwera pa nsonga ya phiri la mchenga kusanache, n'kuzyolika mutu pansi msana utayang'ana kumphepo. Timadontho timasonkhana pa thupi lake n'kutsetserekera kukamwa. Abuluzi ena amanyambita mame a pa maso awo. Pa zigwa za timiyala pamamera welwitschia, chomera cha masamba awiri okha amene amakula moyo wake wonse, ndipo zina mwa zomerazi zapitirira zaka 1,000. Dzinali linachokera kwa Friedrich Welwitsch, katswiri wa zomera amene anachipeza kum'mwera kwa Angola mu 1859.

Zambiri mwa izi zinadziwika kudzera mu kafukufuku wa pa Gobabeb, malo amene anakhazikitsidwa mu 1962 m'mbali mwa mtsinje wa Kuiseb. Mtsinjewu umakhala wouma miyezi yambiri, koma ukasefukira umakokolola mchenga umene wagwera m'khwawa lake, motero umatchinga mapiri a mchenga kuti asapitirire kumpoto. M'chigwa chomwechi mumakhala anthu a mtundu wa Topnaar, amene kwa mibadwo yambiri akhala akuweta mbuzi ndi kukolola !nara, chipatso chaminga chonga vwende chimene mizu ya chomera chake imazama kufunafuna madzi a pansi.

Zipsera za matayala

Kumpoto kwa Swakopmund, pafupi ndi Wlotzkasbaken, nthaka imaoneka ngati yopanda kanthu masana. Nkhungu ikagwa, imasanduka yobiriwira ndi yofiirira chifukwa cha ndere zimene zakuta timiyala. Nderezi zimakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo ndizo zimagwira nthaka kuti mphepo isaiulutse. Tayala likaponda limaziphwanya, n'kuswanso kakhungu kouma ka pamwamba pa nthaka. Popeza kulibe mvula yoti n'kufafaniza mapondedwewo, mizere ya matayala imakhalapo mpaka ana obadwa nthawiyo atakula.

Vuto lina limagwera mbalame yaing'ono ya kunyanja yotchedwa Damara tern, imene imaikira dzira limodzi lokha pa nthaka poyera. Dalaivala wothamanga sangalione dziralo. Pofuna kuchepetsa kuwonongekaku, boma la Namibia linakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Dorob mu 2010, ndipo linapatula malo ochepa oti anthu azisewererapo ndi magalimoto ndi njinga zamoto. Kwina konse lamulo n'lakuti galimoto isachoke pa njira yokhazikika.

Msewu wa alendo ndi wa malonda

Si alendo okaona malo okha amene amadutsa mu Namib. Kuyambira pamene mlatho wa Katima Mulilo unatsegulidwa pa mtsinje wa Zambezi mu 2004, magalimoto akuluakulu onyamula mkuwa kuchokera ku Zambia ndi ku Democratic Republic of Congo amatsata msewu wa phula mpaka ku Walvis Bay. Gawo lomaliza la ulendo wawo, kuchokera pa Usakos kudutsa Swakopmund, limadutsa m'chipululu chomwechi.

Kwa woyenda pa misewu ya miyala, ngozi yaikulu ndi liwiro. Msewu wowongoka komanso wopanda magalimoto umanyenga dalaivala, koma timiyala timatereretsa, ndipo chipatala chili kutali. Makampani obwereketsa magalimoto amalangiza kusapitirira makilomita 80 pa ola. Ozolowera njirazi amanyamula madzi akumwa okwanira ndi matayala apadera awiri, amathira mafuta paliponse pamene awapeza, ndipo sayenda usiku poopa kugunda nyama monga gemsbok. Galimoto ikawonongeka, malangizo ndi akuti munthu akhale pafupi nayo, chifukwa galimoto imaoneka patali kuposa munthu woyenda pansi.

Ntchito yokopa alendo imadyetsa mabanja ambiri m'dziko la Namibia, ndipo chimene alendowo amalipirira ndi kuona malo amene munthu sanawasinthe. Mapazi a anthu okwera Dune 45 amafafanizika ndi mphepo ya tsiku limodzi kapena awiri. Pa zigwa za ndere sizili choncho: mzere uliwonse watsopano wa matayala umachotsako pa chuma chimenechi, ndipo palibe ndalama imene ingafulumizitse ndere kuti zimerenso.