Kuwonjezera Mafayilo pa Tepi Yomwe Ili Kale ndi Zinthu

Tiyerekeze kuti munasunga kale malikisi a ophunzira pa tepi, ndipo lero mukufuna kuwonjezerapo a teremu ino. Pa Linux lembani:

tar -rvf /dev/st0 teremu2/

Chilembo r chimauza tar kuti iwerenge tepi mpaka pomwe zakale zathera, n'kulemba zatsopanozo pamenepo. Zimachedwa, dekhani. Koma mukalakwitsa n'kulemba c m'malo mwa r, kompyuta iyamba kulemba pachiyambi penipeni, osakufunsani n'komwe, ndiye kuti malikisi akale aja apita basi. Dziwaninso kuti r sagwira ntchito ngati munapanikiza mafayilo ndi z, ndipo makina ena a tepi amakana. Mukamaliza, lembani tar -tvf /dev/st0 kuti muone ngati zonse zilimo.